Kankhono mu Mphika wa Esinala

Ana inu, ku Tsangano kudali mlimi wa tomato dzina lake Lufeyo, munthu wosadziwa kukhazikika. Ngakhale m'tchalitchi miyendo yake inkangogwedera, ngati wakhalira linthumbu.

Mkazi wake Esinala adali wa ku Mulanje, ndipo m'nyumba ankasunga feni mu mphika wadothi. Feni ndi kachomera ka m'mbali mwa mitsinje ya m'phiri, ka masamba ngati nthenga, kosachita maluwa. Adamupatsa ndi malemu amayi ake, ndipo china chowakumbukira nacho adalibe.

Tsiku lina Esinala adaitanidwa kwawo kukadwazika mchemwali wake.

"Bambo a Tamanda, kafeni kanga muzikathirira pang'ono, kakhale pamthunzi. Chonde musakavutitse," adatero potsanzika.

"Ine wolima dimba lonse lija ndingalephere kaudzu?" adaseka Lufeyo.

Sabata isadathe, adapeza masamba atadyeka. Mtendere udamuthera pomwepo. Adatulutsa mphika padzuwa ngati nazale ya tomato, masamba n'kupserera. Adaubweza nathira feteleza, nsonga n'kuuma. Ataona timadontho tofiirira kunsi kwa masamba adati ndi mazira a tizilombo, nadula masamba onse otero, osadziwa kuti feni amabereka choncho. Koma chodya masamba chija chinkadyabe. Lufeyo ankagwedeza mphika, kuuzunguza, kufukula dothi ndi chala, osaona kanthu. Akanyamuka kupita kudimba ankabwerera panjira kudzagwedezanso.

Kenaka udafika uthenga woti Esinala ali m'njira. Mu mphika mudali mutatsala kamphukira kamodzi kokha, kopindika ngati mchira wa bilimankhwe. Lufeyo adachita mantha, ndipo manyazi adamugwira.

M'mawa umenewo kudagwa mvula yamawawa. Nzeru zitamuthera, adangokhala pansi pafupi ndi mphika, dzanja lili patsaya. Miyendo inkamuyabwa kuti adzuke, koma akadapitanso kuti? Patapita nthawi, pansi pa mkombero wa mphika padatuluka tinyanga tiwiri, kunsonga kwake kuli timaso. Kankhono! Masiku onse aja, iye akangokhudza mphika, iko kankabweza maso n'kubisala m'chigoba. Lufeyo adadzigwira mpaka katatuluka konse, kakulunjika kamphukira kaja, ndipo adakatola.

Esinala atafika adayang'ana mu mphika nthawi yaitali, misozi ikulengeza.

"Masamba a amayi ali kuti?"

"Nkhono idadya ochepa, mayi a Tamanda. Enawo ndidamaliza ndine, ndi phuma langali."

Kamphukirako kadakula, koma Esinala adatha chaka asadamusiyirenso kanthu mwamuna wakeyo.

N'chifukwa chake akulu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Vuto lina limabisala ukamalisaka ndi phuma, ndipo pamene ukuthamangathamanga umawononga chomwe umafuna kupulumutsa. Yamba wakhala pansi, uone chimene chikudya, kenaka utambasule dzanja.