Dzina Limodzi Lopulumutsa Mavu a ku Chilobwe

Kalekale, koma osati kale loiwalika ayi, poti ena a ife tikaikumbukira nkhaniyi chakudya chimatikanika mpaka lero, ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre kunali timu ya hoke yotchedwa Mavu. Hoke ndi mpira uja amaumenya ndi ndodo zopindika kunsonga, kampira kake kakang'ono koma kolimba gwa. Anzathu a mpira wamiyendo ankatiseka, amvekere, "Amuna aakuluakulu kumathamangitsa dzira ndi mipini!" Ife tinalibe nazo ntchito. Mavu anali athu.

Kaya inali timu yabwino, musandifunse. Chaka ndi chaka ankatifikitsa pafupi ndi chikho n'kutisiya manja ali m'khosi. Koma chaka chimene ndikunenachi anyamata anasewera modabwitsa, mpaka anafika m'ndime ya matimu anayi, ija yoti ukagonja basi wapita. Anakumana ndi Njati za ku Zomba, pabwalo lathu lomwe.

Pofika nthawi yopumulira, Mavu anali atamwetsa zigoli zitatu kwa duu. Azimayi anayamba kale kufunsana za nsalu yodzavala tsiku la fainolo. Ndiye abale inu, sindidziwa chimene anyamata aja anadya kuchipinda chovalira. Anabwerera m'bwalo miyendo ili lobodo. Njati zinabweza chimodzi, ife n'kumati ndi mmene masewero amakhalira. Zinabweza chachiwiri, kochi wathu angogwira m'chiuno, kumangoyang'ana kumwamba. Tinakuwa, tinatukwana, tinapemphera, mawu mpaka kusasa. Ndipo nthawi itangotsala pang'ono kutha, wotchinga kumbuyo wathu, munthu wamkulu ndithu wa ana awiri, anauponda mpira ndi phazi pafupi ndi golo, chinthu choletsedwa mu hoke. Woimbira anapereka kona yaifupi kwa Njati. Asanaimenye n'komwe, lipenga lothetsa masewero linalira.

Apa mumvetsetse, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Mu hoke, kona yaifupi ikaperekedwa imamenyedwa basi, lipenga lilire lisalire. Masewero satha mpaka konayo itatha. Osewera amadziwa, ife masapota okhazikika timadziwa. Koma tsiku limenelo Chilobwe yense anali atakhamukira kubwalo, ambiri mwa iwo omwe aja a mpira wamiyendo, ndipo kwa iwowo lipenga likalira ndiye kuti zatha. Tsono panali anthu atatu.

Woyamba anali a Makwinja, okhoma zidebe ndi mbaula pamsika. Iwowa ankaimba ng'oma ya masapota kuyambira timu ikusewera pafumbi. Anali ndi chizolowezi chawo chimene aliyense ankachidziwa: poimba ankafulatira bwalo n'kuyang'ana anthu, ati kuti aziona ngati ovina atopa. Chigoli cha Mavu sanachionepo ndi maso, ankangochimva ndi makutu. Analinso ndi kaimbidwe kamodzi kotchedwa Chagwa, kamene sankakaimba pokhapokha Mavu atapambana, ndipo ngakhale ogulitsa tomato omwe sanapondepo kubwalo ankakadziwa. Tsiku limenelo phokoso linali lalikulu moti wezulo ya kona sanaimve. Anangomva lipenga. Anakweza manja, n'kuyamba Chagwa ndi mphamvu zawo zonse. Ena tinakuwa, "Madala, imani! Kona! Kuli kona!" Koma ndani angamveke ng'oma ya a Makwinja ikulira? Lamulo la kona ankalidziwa kuposa tonsefe. Chinangowasowa n'kutembenuza khosi kamodzi kokha.

Wachiwiri anali Lusungu Mtegha, kondakitala wa minibasi. Masapota tinamupatsa udindo wolondera kageti kapampanda wa waya, kolowera m'bwalo, chifukwa munthu wozolowera kukankhana ndi anthu pachitseko tsiku lonse sakankhika wamba. Tinamuuza momveka kuti asatsegule mpaka matimu atapatsana moni. Iyeyo kona anaiona, ndipo ankadziwa kuti masewero sanathe. Koma Chagwa itangomveka, chikhamu chonse chinatsika pamasitepe n'kuyamba kupanikiza a kutsogolo pawaya. Pakati pawo panali mayi woyembekezera, nkhope yake itadinda pawaya, akulephera ngakhale kukuwa. Lusungu anakalipa, "Bwererani! Mupha anthu!" Palibe anamva. Anayang'ana m'bwalo, anayang'ana mayi uja, n'kusolola chitsulo chotsekera. Anthu anakhuthukira m'bwalo, ali mbwee, kuvina ndi kugubuduka. Palibe anavulala. Koma ena mpaka pano amati mpanda uja unapirirapo makhamu oposa amenewo, ndipo Lusungu anangochita mantha.

Wachitatu anali Mayi Nankhoma, amayi ake a goloboyi wathu Fatsani. Iwowa hoke ankadana nayo. Ankati kampira kaja kadzawaphera mwana, ndipo anali asanabwerepo kudzamuonera. Tsiku limenelo anachita kukokedwa ndi anzawo oyandikana nawo nyumba. Masewero onse anaonera ataphimba kumaso ndi manja. Geti litatseguka, anthu ena onse anathamangira pakati pa bwalo, kumene kuwabweza sikukanavuta. Iwo okha analunjika kugolo. Anamupeza Fatsani ataima chilili, atavala zodzitetezera zake zija ndi chisoti chophimba mutu wonse.

"Mwana wanga, vula chimenechi ndikuone nkhope!"

"Amayi, ayi! Sizinathe! Tulukani!"

Iwo anayesa akuchita manyazi. Anachigwira chisoti ndi manja awiri, manja ozolowera kufinya zochapa, n'kukoka. Lamba wa chisoticho anaduka pomwepo.

Mavu chisoti anali nacho chimodzi chomwecho. Titapempha cha goloboyi wa Njati, anangotiseka. Woimbira anati goloboyi sasewera wopanda chisoti. Ndiye Mayi Nankhoma, atamva tsono chimene achita, anang'amba kansalu kuchitenje chawo, anyamata n'kumangira chisoti chija pachibwano.

Anthu atatulutsidwa, Njati zinamenya kona yawo. Fatsani anadziponya mbali yoyenera ndithu, tonse tinaona, koma podziponyapo chisoti chinatsetserekera kumaso. Mpira unadutsa kunsi kwa mkono wake n'kukagunda thabwa la m'golo, gu! Zitatu kwa zitatu. Anapita kumapenate. Fatsani ankatchinga ndi dzanja limodzi, lina litagwira chisoti. Ndipo musaganize kuti anzake anamuthandiza. Omenya athu anaphonya motsatizana, wina mpaka kugwa yekha popanda womukhudza. Njati zinapita kufainolo.

Kenako kunayamba zimene sindingazibwereze pano pali ana. Wina anathyola mbendera yake pabondo. Wina anafika kunyumba wapansi, ataiwala kuti anabwera panjinga. Kunali bambo wina amene anali atapheratu mbuzi m'mawa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukadya. A Makwinja anakhala pang'oma yawo, kwa nthawi yoyamba atayang'ana bwalo, muli mopanda munthu. Kunena zoona, ine zinandipweteka kuposa tsiku limene anandichotsa ntchito.

Tikanangolira n'kuiwala, bwenzi zili bwino. Koma akuluakulu a ligi anaitanitsa tcheya wa masapota athu, a Likongwe, n'kuwauza kuti, "Anthu anu aipitsa masewero. Mutipatse dzina limodzi la amene anayambitsa chisokonezo. Ameneyo timulengeza, ndipo asadzapondenso pabwalo la hoke moyo wake wonse. Mukalephera, Mavu tiwachotsa mu ligi."

A Likongwe anadandaula, "Mabwana, chikhamu chili ndi dzina ngati?"

"Ndiye timu yanu ilibenso malo. Dzina limodzi, bambo."

Lamulungu masana tinasonkhana m'kalasi ina ya pasukulu yapafupi, anthu kudzaza mpaka m'mawindo. Poyamba aliyense ankafuna kuzemba. Wina anati titchule wotchinga kumbuyo uja anaponda mpira. A Likongwe anati akufuna sapota, osati wosewera. Wina anati tingopeka dzina, kapena titchule munthu woti anasamukira ku Joni. A Likongwe anati akuluakulu aja anali pabwalo pomwepo, anaona okha woimba ng'oma, wotsegula geti ndi wodula lamba, ndipo dzina lina lililonse alikana. Ndiye atatu aja anapatsidwa mpata woti alankhule.

A Makwinja anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. "Ndinaimba ndine, sindikukana. Koma ng'oma sitsegula geti, ng'oma sidula lamba. Ine ndinauza anthu kuti avine, sindinawauze kuti alowe. Ana anga, mayi a kunyumba anatisiya, ana ali kutali. Mukandichotsa kubwalo, Loweruka ndizikakhala kuti?" Anakhala pansi. Wina kumbuyo anakuwa kuti popanda Chagwa palibe akanatsika pamasitepe, ndipo ambiri anavomereza. Koma tonse tinkadziwanso kuti achinyamata angapo anayesapo kuphunzira ng'oma ija n'kulephera, ndipo Mavu sanasewerepo popanda iyo.

Lusungu sanavule n'chipewa chomwe. "Ine ndinatsegula ndikudziwa. Mutandibwezera pompaja, nditsegulanso. Mumafuna chiyani, fainolo kapena maliro? Ndiuzeni pano!" Wina anamuyankha kuti ligi ikulanga anthu olowa m'bwalo, ndipo anawalowetsa ndi iyeyo, yekhayo mwa atatuwa amene ankadziwa kuti masewero sanathe. Apo mwamuna wa mayi woyembekezera uja anadzuka, maso ali psu. "Mukatchula mnyamata uyu, mubwere mudzawauze nokha akazi anga kuti munthu amene anawapulumutsa mwamupitikitsa. Ine sindikanena." Phokoso linabuka, mabenchi kugwa, a Likongwe kumenya tebulo mpaka dzanja kutupa.

Kenako Mayi Nankhoma anaimirira osadikira kuitanidwa. "A tcheya, musavutike. Tchulani ine. Masewero anuwa sindiwadziwa, sindiwafunanso. Ndinapitako kamodzi, ndawononga, kwakwana. Bambo awa asiyireni ng'oma yawo, mnyamatayu musiyireni geti lake."

Ha! M'kalasi monse munamveka kupuma. Anthu anayamba kumwetulirana, ena mpaka kuwomba m'manja. Nayi njira, yosapweteka aliyense! A Likongwe anali atatsegula kale pakamwa kuti atseke msonkhano pamene Fatsani, amene anali pakona nthawi yonseyi, anabwera kutsogolo atanyamula chikwama cha zovala zake zapagolo. Anachiika patebulo.

"A tcheya, amayi anga akhala akundikaniza hoke kuyambira ndili mwana. Ndakhala ndikuwapempha kuti adzandionere kamodzi kokha. Abwera, andithamangira chifukwa chondinyadira, ndiye inu muwatchule pawailesi kuti ndi osokoneza? Anthu azikawaloza zala kumpopi ndi kutchalitchi? Mukatero, katundu wanu uyu. Mupeze goloboyi wina."

"Fatsani, khala pansi," anatero amayi ake. "Ndasankha ndekha."

"Amayi, inu mwasankha. Inenso ndasankha."

Ndipo goloboyi wina tikanamupeza kuti? M'Chilobwe monse munalibe wina wolimba mtima kuima kutsogolo kwa kampira kaja. Tinayesapo awiri m'mbuyomu, wina anathawa tsiku loyamba, wina anatha mano. Timu yopanda Fatsani ikanakhalabe mu ligi, inde, koma yongopita kukamwetsedwa zigoli Loweruka lililonse mpaka anyamata atabalalika okha.

Dzuwa linapendeka tikukanganabe. Amene ankafuna a Makwinja sanathe kuwayang'ana kumaso. Amene ankafuna Lusungu ankalankhula motsitsa mawu, poopa mwamuna uja. Amene ankafuna Mayi Nankhoma ankangoyang'ana chikwama chili patebulo. A Likongwe anagwira mutu ndi manja awiri, podziwa kuti kukacha akuluakulu a ligi akuwadikira, ndipo akapita chimanjamanja Mavu atha.

Chimene anakanena kumeneko sindikuuzani, chifukwa mungayambe kuweruza a Likongwe m'malo moweruza mlandu. Ndipo musandiuze kuti onse atatu ndi olakwa, kapena kuti palibe wolakwa, kapena kuti olakwa ndi osewera. Zonsezo tinazinena, mokuwa kuposa inu, ndipo sizinapulumutse timu. Dzina likufunika limodzi. Nkhalamba imene inaimba ng'oma isanatembenuke, mnyamata amene anatsegula geti akudziwa, kapena mayi amene akudzipereka yekha koma atenga goloboyi popita: inu mukanakhala a Likongwe, mukanakatchula ndani?