Pikapu Imene Malemu Anasiya

Kumapiri uko kumene amalima kachewere, panali munthu wina amene anali ndi pikapu yoyera. Ntchito yake inali kunyamula matumba a alimi anzake, kutsika nawo pamsewu wa fumbi mpaka kumsika. Anali munthu wabwino, wosamwa, wokonda banja lake. Koma anali ndi matenda amene abambo ambiri mwakhala apa muli nawo. Sankafuna kufika pamalo anthu osadziwa kuti wafika.

Galimoto imapuma ngati ife tomwe. Amene anaipanga anaika kabokosi kakuda pambali pa injini, ndipo m'kati mwake muli fyuluta ya pepala. Kabokosiko kamakoka mpweya wozizira wa kunja, pepala lija n'kugwira fumbi lonse. Kamagwira ntchito yake mwakachetechete, n'chifukwa chake palibe amene amakayamikira.

Munthuyu anachotsa kabokosiko. M'malo mwake anamanga fyuluta yofiira ya nsalu, yooneka ngati kandowa, imene anagula mutauni. Ogulitsa anamuuza kuti pikapu izithamanga ngati ya mpikisano, ndipo petulo izingomununkhiza. Kuthamangako sikunaoneke. Chimene chinabwera ndi phokoso. Akaponda moto pachitunda chomaliza chokwera kwawo, pikapu inkabangula ndi mawu akuluakulu a pakhosi, mudzi wonse n'kudziwa kuti mwini wake wabwera.

Mkazi wake ankamuseka. "Kodi inu, munakwatira ine kapena mukufunsirabe mudzi wonse?" Koma akangomva kubangulako ankasiya chimene akuchita n'kukaima pakhomo.

Chaka china m'nyengo ya mvula munthuyo anadwala masiku anayi, n'kumwalira. Anasiya mkazi, mwana wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, ndi pikapu ija. Munda wawo unali waung'ono. Chakudya cha pakhomopo chinkachokera m'pikapumo. Mwamwayi malemu anali ataphunzitsa mkazi wake kuyendetsa, pabwalo la mpira, anthu akuseka. Choncho mwambo wa kumeta utatha, mayiyo anatenga makiyi.

Tsiku loyamba, pobwerera kumsika, anafika pachitunda paja. Anaponda moto monga ankaonera mwamuna wake. Pikapu inabangula. Mayiyo anaimika pambali pa msewu, nagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nalira kulira kumene sanalire ngakhale pamanda.

Nkhope ya munthu imafufutika msanga m'mutu, abale anga. Chithunzi sichiyankha. Malaya ukawachapa kawiri fungo la mwini wake latha. Koma mayiyu anali ndi chinthu chimene akachiponda chinkayankha, ndipo chinkayankha ndi mawu omwe aja amene ankamuuza kuti mwamuna wake ali pafupi.

Kuyambira pamenepo anayamba kuponda moto ngakhale posafunika. Fyuluta yofiirayo simveka ukamayenda bwinobwino, imafuna phazi lolemera. Ndiye ankaponda pachigwa, ankaponda galimoto ilibe katundu, nthawi zina ankaponda ili chiimire pakhomo. Petulo amene kale ankakwanira kupita ndi kubwera anayamba kuthera panjira. Mayiyo sanali wopusa. Ankadziwa kumene petuloyo akupita, ndipo ankaona kuti si wokwera mtengo poyerekeza ndi chimene akumva.

Chimene sankadziwa n'chakuti fyuluta yotereyi imafuna kuchapa ndi kudzoza mafuta kawirikawiri. Malemu ankachita zimenezi Loweruka lililonse, mkazi wake n'kumayesa kuti akungosewera ndi galimoto monga achitira amuna. Chilimwe chinafika. Fumbi la msewu uja linasalala ngati ufa. Oyilo anayamba kuchepa, ndipo kumbuyo kunayamba kutuluka utsi wa buluu.

Mayiyo anapita ndi pikapuyo kwa makaniko wa pamsika, mnzake wa malemu, amene anawetera naye ng'ombe ali ana. Makanikoyo anatsegula boneti, namasula paipi ya kuseri kwa fyuluta, nalowetsamo chala. Chinatuluka chili chofiira.

"Alamu, taonani. Ili ndi fumbi limene ladutsa kale, likupita mu injini. M'katimo likupala ngati mchenga potsuka poto. Chinthu chofiirachi chimakoka mpweya wotentha wa m'boneti muno, wopanda mphamvu, ndipo pamsewu wathu uno chimalowetsa fumbi. Achimwene ndinawauza, anangondiseka. Kabokosi kaja anakasiya konkuno, ndi ako kali pamwambapo. Ndikakabwezeretsa, injiniyi ikutumikiranibe zaka zingapo. Mukapitiriza chonchi, mvula ikubwerayi siiona."

Mayiyo anayang'ana chala chija. "Nanga phokoso lija?"

"Limenelo litha, alamu. Iziyenda phee."

"Tsekani boneti. Ingothiranimo oyilo."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu lotsinidwa limawawa. Makanikoyo anathira oyilo, natseka boneti. Ndipo inu musafulumire kumuweruza mayiyu. Iye ankadziwa kuti akupha galimoto imene ikuwadyetsa. Koma kuti auze munthu kuti chotsani, ankaona ngati akuika mwamuna wake m'manda kachiwiri, ndi manja ake.

Panapita milungu itatu. Utsi unkachulukirachulukira. Madzulo ena mayiyo anafika pakhomo monga mwa masiku onse, napeza mwana wake ataima pakhonde akupuma wefuwefu. Mwanayo analandira thumba limene amayi ake anabwera nalo, koma sanalowe nalo m'nyumba.

"Amayi, ndinene?"

"Nena, mwanangu."

"Mukamakwera chitunda musamaponde choncho. Ndikamva, miyendo imangothamanga yokha. Ndikudziwa kuti ababa anamwalira, bokosi ndinaliona. Koma ndimathamangabe. Ndikafika apa ndimapeza kuti ndinu. Ndiye ndimachita manyazi kuti mwina mwaona nkhope yanga."

Nkhopeyo mayiyo ankaionadi tsiku ndi tsiku. Ankayesa kuti mwana watopa ndi kusukulu.

M'mawa mwake sanatenge katundu wa munthu aliyense. Anatsika yekha mpaka patsinde pa chitunda, natembenuza galimoto. Anaponda moto mpaka phazi kugunda pansi, namvetsera kubangula kuja kuyambira pansi mpaka pamwamba, osaphonya ngakhale pang'ono. Atafika pamwamba anatembenukanso, nalunjika kwa makaniko.

"Alamu, ndibwerekeni sipanala. Ndimasula ndekha. Inu mumange kabokosiko."

Mayiyo anamasula yekha. Fyuluta yofiira ija anaikulunga m'chitenje, naiika pampando. Makanikoyo anatsitsa kabokosi, nakapukuta, naikamo pepala latsopano.

Sindikunamizani kuti ulendo wobwerera unali wokoma. Pikapu inkayenda phee, mayiyo n'kumamva timiyala tikudumpha pansi pa matayala. Pachitunda paja phazi lake linaponda lokha, mwachizolowezi. Galimoto inakwera bwinobwino, koma palibe chinayankha. Anapondanso. Kunali zii. Mayiyo analira chitunda chonsecho, chifukwa anamulakalaka mwamuna wake tsiku limenelo kuposa masiku onse.

Atafika, pakhomo panalibe munthu. Anazimitsa injini, nazungulira kuseri kwa nyumba. Anapeza mwana wake atakhala pamphasa akusankha nyemba, akung'ung'udza nyimbo ya kusukulu. Mwanayo anadzutsa mutu, nadzidzimuka.

"Amayi! Mwafika nthawi yanji?"

Anadzuka akuseka, nyemba n'kumwazika, nathamangira amayi ake. Chimwalirire bambo wake, limeneli linali tsiku loyamba kuti alandire munthu amene wabweradi.

Tsopano ndikunena ndi inu amene munaika wanu m'manda, ndipo ine ndili m'gulu lomwelo. Sindikuti muiwale. Kuiwala sikutheka, ndipo wokuuzani kuti iwalani sanaferedwepo. Aliyense wa ife ali ndi kanthu kamene amaponda kuti amvenso mawu a amene anapita. Wina ndi chipinda chimene sichitsegulidwa, wina ndi munda umene salola kuti aulime mwanjira ina, wina ndi dzina limene amalitchula pofuna kudzudzula ana. Pitani mukaone chimene kanthu kameneko kakupala m'nyumba mwanu, ndipo muyang'ane bwino nkhope za amene mumawapeza pakhomo. Amene anapita sakumva phokoso lathu. Likumveka kwa amene atsala.