Tambala pa Mchezo wa Mwana wa Njovu

Padangokhala, anzanga, ndipo senderani pafupi, iyi ndiye yokoma!

Mayi Njovu ankakwatitsa mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Ankafuna mchezo woti nkhalango yonse ivine mpaka kucha, akuchimuna asadzanene kuti kuchikazi kunali zii. Ndiye anayamba kusaka wotsogolera nyimbo.

Kunabwera kambalame Pumbwa. "Amayi, ndili ndi za pamtondo, zogonetsa mwana, za chioda, za..."

"Timawu tako n'tating'ono, mwanawe. Wina!"

Kunabwera Tambala, lipombo lili psuu. "Kokoliiiko!"

"Eya, mawu ndi amenewa!" anatero Mayi Njovu, osafunsa n'komwe kuti nyimbo ali nazo zingati.

M'mawa azimayi anazungulira mtondo, misi itatu mtondo umodzi. "Tiponyereni ya pamtondo, a Tambala!"

"Kokoliiiko!"

Nyimbo yokoka choncho, musi ungagwe pati? Misi inagundana m'mwamba, chimanga mbwee pansi.

"Ina, bambo!"

"Ina iti? Imeneyi yakuipirani chiyani?"

Masana khanda la Nyani linavuta kugona. "Kokoliiiko!" Makanda ena onse dzidzimu, kulira mudzi wonse.

Madzulo ng'oma anaziwamba pamoto, alendo anadzaza bwalo. Pajatu mchezo umatha tambala akalira. Gule atangoyamba, Tambala uja anakwera pachulu.

"Kokoliiiko!"

Abale! Mvuu anapinda mphasa yake. "Kwacha kale? Tiyeni, anthuni!" Akuchimuna nyamu, ulendo. Mkwatibwi misozi chuchuchu.

Mayi Njovu anathamanga, nthaka kunjenjemera, mpaka anam'peza Pumbwa mumtengo wa mpoza.

"Mwanawe, bwera undithandize!"

"Ine? Ndi timawu tangati, amayi?"

"Khala pamutu pangapa. Iwe uziponya, ine ndiziyankha ndi chitamba!"

Pumbwa anaponya: "Bwererani, bwererani, sikunache!"

Chitamba chinayankha: "Sikunache eee!"

Alendo anaima, anatembenuka, n'kubwerera akuvina! Pumbwa anaponya ya chioda, anaponya ya chimtali, anaponya yoseka alamu aulesi mpaka akuchimuna anagwira nthiti. Ikatha iyi, ina ili kale pakamwa. Mkwatibwi anapukuta misozi, anamanga chitenje m'chiuno, ndi uyo pakati pa bwalo!

Tambala anatukula khosi kuti athandize. Mayi Njovu anangomuloza ndi chitamba.

"Inu bambo, yanuyo idikire kucha."

Yathera pomwepa, anzanga: musanasankhe woimba, mufunseni kuti ali ndi nyimbo zingati, chifukwa imodzi singagwire ntchito ponseponse.