Tsiku Limene Anayeretsa Kompyuta

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Dedza panali munthu wina wolemba makalata pa kompyuta. Anali ndi kachipinda kamodzi, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wina wosoka zovala. M'kachipindamo munali tebulo, benchi, kompyuta ndi pulinta. Wofuna kalata ya ntchito, wofuna ya ukwati, wofuna ya ku khoti, onse ankabwera kwa iye. Sanali munthu woipa. Ndayamba dala ndi mawu amenewa, chifukwa mukamva zimene anachita mufuna kumuyesa chilombo, kuti inuyo mupulumuke. Anali munthu ngati ife tomwe. Lamulungu ankaimba kwaya.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za m'kati mwake. Odziwa amaitcha sisitimu. Popanda iyo, kompyuta ndi bokosi chabe. Opanga ake amatulutsa yatsopano pakapita zaka zingapo, ndipo iliyonse imabwera m'mitundumitundu: ina ya pakhomo, ina ya akatswiri, ina ya makampani akuluakulu. Ya mlembi uja inali yakalekale. Pamsikapo ankaitcha ya kaphiri, chifukwa ukayatsa kompyutayo pagalasi pankaoneka kaphiri ka msipu wobiriwira. Inkachedwa kudzuka ngati nkhalamba m'mwezi wa Juni, koma ikadzuka inkagwira ntchito mpaka madzulo.

Mlembiyo anali ndi anzake awiri amene sankasowa pakhomo pake. Wina anali a Kachingwe, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Wina anali a Mbendera, okonza mafoni kutsidya kwa msewu. Awiriwa ankagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, kuti ya kaphiri ndi yochititsa manyazi. Pa zotsala zonse ankakangana. A Kachingwe ankati ichotsedwe, iikidwe imene inatuluka pambuyo pake, imene iwo ankaitcha ya buluu, poti imeneyo inayesedwa kale ndipo silemetsa makina. A Mbendera ankati ya buluu nayonso ndi maliro oyenda, munthu wanzeru amalumphira yatsopano. A Kachingwe akafunsa kuti yatsopano yake iti, ya pakhomo kapena ya akatswiri, mkangano unkabereka mwana. Chaka chinatha akukangana chomwecho.

Lachitatu lina kunabwera mayi wamasiye, mayi Nangondo. Amuna awo anali atamwalira miyezi inayi yapitayo, ndipo alamu awo ankafuna kuwalanda munda umene iwo ndi malemuwo anagula limodzi ali achinyamata. Nkhani inali itafika ku khoti, ndipo mlandu unali woti uzengedwe Lolemba. Kalaliki wa khoti anawauza kuti mbali yawo ilembedwe bwinobwino papepala, ifike Lachisanu iye asanaweruke masana.

Mayiwo sankadziwa kulemba. Anabwera ndi nkhalamba ina, a Likongwe, amene analipo tsiku logula mundawo. A Likongwe anasamukira ku Mozambiki kalekale, ndipo anapalasa njinga masiku awiri kuti adzanene zimene ankadziwa. Iwo ndi amene ankakumbukira chaka. Iwo ndi amene ankakumbukira mayina a anthu asanu amene anayenda m'malire tsiku limenelo, amene anafa ndi amene akadali moyo, ndi midzi imene akukhala. Ankadziwa kuti malire anayambira pa chulu, n'kutsika mpaka pa mkuyu, n'kukhotera ku khwawa. Maola awiri athunthu ankanena, mayi Nangondo akuwonjezera apa ndi apo, nthawi zina akulira, mlembi uja akulemba. Anadzaza masamba anayi. Atangosunga kalatayo m'kompyuta kuti aisindikize, magetsi anathima.

A Likongwe sakanadikira, chifukwa anasiya akazi awo akudwala. Anakwera njinga yawo n'kubwerera. Lachinayi magetsi sanayake tsiku lonse. Mlembiyo anatumiza mawu kuti mayiwo abwere Lachisanu m'mawa, ntchito yotsala ndi ya mphindi ziwiri basi.

Lachisanu mayi Nangondo anafika chitseko chisanatsegulidwe. Anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Mayi wosoka uja, mayi Nasoko, atawaona ataima pakhonde, anachotsa nsalu pa mpando wawo n'kuwapatsa kuti akhale. Sanawafunse kanthu. Anangowathirira thobwa m'kapu, n'kubwerera pa makina awo.

Mlembi anafika, anapereka moni, anayatsa kompyuta. Kaphiri kaja kasanaoneke n'komwe, a Mbendera analowa atanyamula m'mwamba fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, ngati munthu wapha mbewa yonona. Anati m'menemo muli sisitimu yatsopano, ya akatswiri, ndipo lero ndi lero. A Kachingwe anali pambuyo pawo, akunena kale kuti makina amenewa sangainyamule, kuli ngati kusenzetsa bulu katundu wa lole.

Kompyuta inadzuka. Kalata ya mayi Nangondo inali pomwepo pagalasi, dzina lawo likuoneka. Dzanja la mlembi linali pa mausi. Pepala linali kale mu pulinta. Kunali kungodina kawiri.

A Mbendera anaseka, nati: "Taonani kaphiri ka agogo. Achimwene, ana a sukulu akukusekanitu. Akuti kwa inu kalata imatuluka ndi imvi."

Mawu amenewa anamulasa mlembi uja. Wometa anali atasuzumira pakhomo, akusekerera. Mlembiyo anachotsa dzanja pa mausi, natembenukira kukhonde.

"Amayi, dikirani pang'ono. Tikonze kaye makinawa kuti kalata yanu ituluke yokongola."

"Chabwino, bambo," anatero mayi Nangondo. Anthu osauka anazolowera kunena chabwino.

Ndiye mkangano unayamba mwakhama. Ola loyamba linathera pa funso lakuti ya buluu kapena yatsopano. A Kachingwe anawerenga pa zala masukulu amene anaika yatsopano n'kulira nayo. A Mbendera anati aphunzitsi akanakhala ndi mphamvu bwenzi dziko lonse likulembabe pa sileti. A Kachingwe anati munthu wothira mafoni a anthu gluu asawaphunzitse za makina. Atatopa ndi zimenezo anagwera pa mitundu. Ya pakhomo ndi ya ana oonera makatuni, anatero a Mbendera. Ya akatswiri ili ndi zinthu zambiri zimene munthu wolemba makalata sadzazikhudza mpaka imfa, anayankha a Kachingwe. Mlembi uja anali pakati, mutu ukupita uku ndi uku, mtima wake ukufuna chinthu chimodzi, kuti pamsikapo asamusekenso.

Kunja dzuwa linkakwera. Minibasi yoyamba yopita ku boma, kumene kunali khoti, inadzaza n'kunyamuka. Yachiwiri inadzaza n'kunyamuka. Mayi Nangondo anaimirira kamodzi, anafika pakhomo, anaona amuna atatu atawerama pa galasi akulozerana zala, anabwerera kukakhala. Mayi Nasoko anaimitsa makina, anasuzumira m'kachipindamo, nanena motsitsa mawu kuti amayiwa ali ndi ulendo. Mlembi anayankha osatembenuka kuti akudziwa, atsala pang'ono.

Pomaliza a Mbendera anapambana, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa fulashi inali yawo. Anaibaya m'kompyuta. Pagalasi panabwera funso m'Chingerezi, la mizere ingapo. Mlembi anayamba kuwerenga, koma a Mbendera anamudula.

"Apa ikungofunsa ngati tiyiyeretse kaye. Tiyeretse?"

Mvetserani bwino apa. Kwa okonza mafoni, kuyeretsa makina ndi kufufuta zonse zimene zili m'kati, osasiya kanthu, kuti sisitimu yatsopano ilowe m'nyumba yopanda munthu. Koma mlembi uja anali mwana wa mu mpingo. M'khutu mwake kuyeretsa anali mawu okoma, mawu a m'nyimbo ndi m'mapemphero. Iye anamva kuti achotsa mavairasi ndi zinyalala, zabwino n'kutsala. Ndani angakane kuyeretsa? Kufunsa anachita manyazi, poopa kuoneka mbuli pamaso pa wometa. A Kachingwe ankadziwa tanthauzo lake, koma anali atakwiya kuti agonja, ndiye anapinda manja n'kuyang'ana kudenga, kuti zikavuta adzanene kuti ndinanena ine.

"Yeretsani," anatero mlembi.

Inali itadutsa leveni koloko pamene kompyuta inadzukanso. Inali yokongoladi. Mitundu yowala, zilembo zosalala, kanyimbo kolonjera. Wometa anaomba m'manja. Mlembi anagwira mausi kuti atsegule kalata ya mayi Nangondo. Anafufuza apa. Anafufuza apo. Munalibe kalata. Munalibe chaka, munalibe mayina asanu aja, munalibe chulu kapena mkuyu. Makalata onse amene analembera anthu kwa zaka zisanu ndi zitatu anali atapita. M'kompyutamo munali mbee, moyera ngati mbale yotsukidwa.

Mukuganiza kuti amuna aja anagwa pansi ndi manyazi? Ayi ndithu. A Kachingwe anati ndi zimene ankanena, ya buluu sikanachita zotere. A Mbendera anati vuto si sisitimu, vuto ndi munthu wosasunga zinthu zake pa fulashi, ndipo iwo anafunsa, mwini wake anavomera. Anayambiranso pomwe anasiyira, mawu ali pamwamba, mayi wamasiye ataima pakhomo.

Mlembi anati alembenso msangamsanga zimene mayiwo angakumbukire. Apo m'pamene anapeza kuti sisitimu yatsopanoyo siidziwa pulinta yake yakale. Ankadina, pulinta ili duu.

Mayi Nangondo sanatukwane munthu. Anangofunsa kuti, "Nanga mawu a a Likongwe aja apita kuti, bambo?"

Mayi Nasoko ndi amene anaimirira. Anatenga kope lawo lolembamo miyeso ya anthu, anang'amba tsamba la pakati, anakhazika mayi Nangondo pansi, nawauza kuti anene zimene akukumbukira. Analemba ndi bolopeni, tsambalo atalitsamiritsa pa makina osokera. Koma mutu wa munthu wolira sugwira zinthu. Chaka chinawasokonekera. Pa mayina asanu anakumbukira awiri, ndipo onse awiri anali a anthu omwalira. Masamba anayi anasanduka theka la tsamba. Mayi Nasoko anaphimba makina awo, anasiya diresi la mkwatibwi lili pakati, anakwera nawo minibasi mpaka ku boma. Anapeza kalaliki akutseka mawindo. Kalalikiyo analandira kapepalako, poti naye anali ndi mtima.

Lolemba mlandu unazengedwa. Alamu aja anabwera ndi mboni zawo zitatu ndi mapepala otayipa bwino. Mayi Nangondo anali ndi theka la tsamba la m'kope la telala, lopanda chaka, lopanda mboni yamoyo. Munda unapita. Chaka chimenecho mvula inagwa bwino, ndipo chimanga cha m'munda umenewo anakolola ndi ena.

Abale ndi alongo, nkhaniyi imandipsetsa mtima, ndipo ndikufuna ikupsetseni mtima inunso, chifukwa amuna atatu aja ndi ife.

Ndi misonkhano ingati imene takhala mpaka miyendo kuchita dzanzi, tikukangana ngati tiziimba nyimbo za m'buku kapena makorasi, ngati m'tchalitchi mulowe ng'oma kapena kiyibodi, ngati yunifolomu ya amayi ifike m'maondo kapena m'mapazi? Ena akuti chipembedzo chenicheni ndi chakale chija cha makolo athu. Ena akuti Mzimu ali m'zatsopano. A zatsopanowo agawikananso, awa mapemphero a Chingerezi, awa a Chichewa, aliyense akuti wake ndiye mtundu wa akatswiri, wa mnzake ndi wa ana. Nthawi yonseyo pakhonde pakhala munthu amene anabwera m'mamawa ndi chinthu chimodzi chokha, chimene tikanamuchitira m'mphindi ziwiri. Timamuuza kuti dikirani pang'ono, tikonze kaye mpingo. Iye amati chabwino. Ndipo ife timamva ngati wavomera.

Choopsa kwambiri ndi mawu aja okoma. Wina akaimirira n'kunena kuti tiyeretse mpingo, tonse timati ameni, osafunsa kuti kuyeretsa kwake akutanthauza chiyani. Tikadzatsegula kaundula timapeza mtsikana uja anatenga mimba mulibe. Bambo aja anasiya kubwera chifukwa chosowa nsapato mulibe. Gogo uja sankatha kuimba makorasi atsopano mulibe. M'nyumba muli mbee, mokongola, mopanda anthu. Ndipo ena a ife tinkadziwa kuti zitha choncho, koma tinapinda manja kuti tidzanene kuti ndinanena ine. Tchimo limenelo ndi lalikulu kuposa la amene anadina.

Mulungu akamayeretsa safufuta munthu. Amachotsa litsiro, munthuyo n'kutsala, dzina lake lili pomwepo. Kuyeretsa kumene kumasiya nyumba yopanda anthu si kwa Mulungu, ngakhale kubwere ndi nyimbo yokoma bwanji. Ndipo tsiku lomaliza sadzatifunsa kuti tinkapemphera mwa mtundu uti, wakale kapena watsopano. Adzatifunsa za munthu amene anatidikira pakhonde, kuti anachoka ndi chiyani m'manja.

Choncho sabata ino, mkangano ukayamba kukoma, wina atuluke akaone amene wakhala panja. Muthandizeni ameneyo choyamba. Zotsalazo mudzakangana Loweruka, ngati mudzakhale mukuzifunabe.