Chibwano cha a Douwe

Loweruka lililonse amuna a m'tauni ina ya ku Friesland ankatsamiritsa njinga zawo pakhomo pa a Douwe, mmeti wa ndevu, chifukwa kulowa m'tchalitchi ndi chibwano chonyankhalala kunali kudzichotsa ulemu.

M'chaka cha 1951 m'tauniyo munatsegulidwa fakitale ya makina ometera amagetsi. Mkulu wake anabwera yekha kudzapempha a Douwe kuti akayang'anire chipinda choyesera makinawo.

"Ife timadziwa mawaya, inu mumadziwa ndevu," anatero mkuluyo.

"Kachinthu kolira ngati njuchi m'botolo?" anaseka a Douwe. "Pitani kwa Hidde, mmeti uja amacheka anthu makutu. N'kumene kukuyenerani."

Mkazi wawo Tjitske anatula khofi patebulo mwamphamvu. "Bambo, lezala lanulo lili ndi penshoni?"

"Mayi, ndevu sizidzasiya kumera."

Zoona, sizinasiye. Zinangosiya kubwera. Fakitale inapatsa antchito ake makina pa Khirisimasi, antchito n'kubwereka alamu awo, alamu n'kukagula awo. Patatha zaka zinayi, Loweruka a Douwe ankanola lezala kuyambira m'mawa n'kumeta nkhalamba ziwiri, imodzi yogontha. Mwini nyumba anapereka chipinda chimene a Douwe ankameteramo kwa wogulitsa tchizi.

A Douwe anavala jekete la kutchalitchi n'kupita kufakitale. Amene anawalandira, atavala chovala choyera, anali Hidde.

"Achimwene, mwachedwa," anatero Hidde. "Odziwa ndevu takwana, ndawaphunzitsa ndekha. Tikusowa ndevu zenizenizo. Tionetseni kuno." Anawagwira chibwano n'kuchitembenuza ngati akusankha mbatata pamsika. "Eee, waya weniweni! Muzibwera Lolemba ndi Lachinayi. Musamete kunyumba, ngakhale Lamulungu."

"Ngakhale Lamulungu?"

"Makina sayesedwa pa dzira, achimwene."

Kuyambira pamenepo a Douwe ankakhala pampando kukamwa kuli kotseka, tsaya lamanja makina akale, lamanzere atsopano, Hidde akulemba. Chibwano chawo chinathandiza kwambiri, moti makina a chaka chotsatira anagulidwa mpaka kutsidya kwa nyanja.

Lamulungu a Douwe ankakhala pabenchi yakumbuyo, kolala atakweza, m'tchalitchi monse iwo okha osameta.

"Wongolani khosi, bambo," ankanong'ona Tjitske. "Chibwanocho ndi munda wathu."

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.