Mfumu Yomwe Inakwirira Maenje a Madzi

Kalekale, kudziko la Perisiya, kunafika Aturuki pa akavalo kudzalanda mzinda. Tsiku limenelo pachipata panali ogulitsa mavwende, panali alembi, panalinso Mahiyari, mkulu wokumba ngalande, ndi bulu wake. Asilikali a mzindawo ndiye kunalibe. Mfumu yakale nayo kunalibe. Akuti inapita kukazonda odwala, chuma chonse chili kumsana.

Mfumu yatsopano, Ayidemiri mtsogoleri wa Aturuki, inaloza bulu uja. "Tibwereke anyamule hema. Abwera mawa."

"Wawa," anatero Mahiyari. Ukanatani iwe, munthu ali ndi uta m'manja?

Tsono tamvera. Dziko lija n'louma gwa! Madzi ankachokera kuphiri, n'kumayenda pansi pa nthaka m'ngalande yomwe anakumba makolo a Mahiyari. Pamwamba pake panali maenje, dzenje apa, dzenje apo, mpaka kuphiri. Anthu ankalowera m'menemo kukachotsa matope.

Aturuki, anthu a kumsipu, zimenezi sankazidziwa. Tsiku lina kavalo wa mfumu anaponda m'dzenje, mwendo thyo!

Anamukoka Mahiyari.

"Iwe! Ukutchera akavalo anga ngati mbewa?"

"Si misampha, wawa. Pansipo pakuyenda madzi amene mukumwa."

"Madzi oyenda mobisala ngati wakuba? Kwathu madzi amayenda poyera. Kwirirani onse!"

Anakwirira. Miyala, mchenga, ndowe za akavalo.

Tsiku loyamba madzi anachepa. Lachiwiri kunatuluka matope. Lachitatu achule anasamuka osatsanzika.

Anamukokanso Mahiyari.

"Wabisa madzi anga! Mwezi ukaoneka madzi asanabwere, mutu wako ndiupachika pachipata."

Mahiyari anagwira khosi lake, lomwe anali nalo limodzi lokha. "Wawa, kufukula kufuna anthu mazana awiri. Anthu anga munawatumiza kutali kukamweta udzu wa akavalo. Amene atsala kuno ndi asilikali anu okha."

Asilikali anafuula: "Mturuki satsika pakavalo kukagwira khasu!"

Koma ludzu silifunsa mtundu. Anatsika. Zimphona za matewe zija anazitsitsira m'maenje ndi chingwe ngati ndowa. Mahiyari ali pamwamba, kulamula m'Chiperisi: "Koka! Leka! Samala mutu!" Wosamva, mwala pamutu pho! Sabata imodzi yokha, onse ankamva Chiperisi. Nayenso Mahiyari anatola Chituruki, makamaka mawu otukwana.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwezi uoneke, madzi anatuluka, khwa! Mutu wa Mahiyari unakhala pomwe unali.

Kuyambira pamenepo mfumu inaleka kuchita kanthu isanafunse eni nthaka. Kulemba kalata, Mperisi. Kuweruza mlandu wa munda, Mperisi. Kumanga mzikiti, Mperisi. Kuitamanda m'ndakatulo zomwe iyo sinkazimva, Mperisi. Mkazi, Mperisi. Iyo yake inali nkhondo, ndipo dziko linakuladi, tisaname.

Zaka zinapita. Mfumu itakalamba, mdzukulu wake, yemwe anali atalowa kale ufumu, anagwetsa hema la agogo ake kuti adzalepo maluwa. Nkhalamba inamukalipira m'Chituruki mpaka thovu kukamwa. Mdzukulu anangoti maso tong'o. Sanamve kanthu.

Anaitana Mahiyari, nayenso ali ndi ndodo, mano awiri.

"Agogo akuti chiyani, akulu?"

Mahiyari anatsokomola. "Akuti, wawa, mundibwezere bulu wanga."

Wamva? Mudzi ungaulande ndi uta, koma madzi umamwa a eni ake. Ndipo amene ukumwa madzi ake, adzukulu ako adzalota m'chilankhulo chake.

Nthano yanga yathera pomwepo, koma mlandu sunathe. Madzi anabwerera. Mutu unatsala pakhosi. Bulu mmodzi wamkazi, chingwe chake, ndi ana onse amene akanabereka, mpaka lero sizinabwezedwe. Chimodzimodzi khasu langa lija amalume ako anati abweza mawa.