Chifuwa Chobwereka

Ku Balaka kunali munthu wina, dzina lake Dafuleni, amene ankaphunzitsa anyamata masewera ogwetsana. Mphamvu anali nazo, zimenezo tisamumane. Minibasi ikatitimira m'matope, anthu ankangoti itanani Dafuleni. Koma akagwetsa munthu, mudzi wonse unkadziwa, chifukwa ankakuwa ndiponso kudziguguda pachifuwa.

Chaka china unamugwera mwayi wopita ku Japan, kumene mlamu wake ankaphunzira sukulu. Kumeneko kuli masewera otchedwa sumo. Zimphona ziwiri zimakankhana m'bwalo ladothi lozungulira, ndipo amene watuluka m'bwalomo kapena kugwa ndiye wagonja. Dafuleni ankalakalaka kuwaphunzira kuti akawaphunzitse anyamata ake kumudzi. Mlamu wake anamupemphera malo panyumba ina yophunzitsira masewerawa. Mkulu wa panyumbapo anati abwere m'mawa adzamuone. Akakhutira naye, aphunzira nawo mwezi wonse. Apo ayi, azikakhala kukhoma pamodzi ndi alendo ongoonerera.

M'mawamo Dafuleni anabalalika mutu. Zimphonazo zinayamba masewera zisanalawe kanthu. Zinkanyamula mwendo m'mwamba n'kuponda pansi, kenako winawo, osalankhula. Wina anawaza mchere m'bwalo, mchere wabwinobwino woti kwathu tikanathira m'ndiwo. Awiri akakankhana, wopambana ankawerama, nkhope ili ngati ya pamaliro, moti Dafuleni sankadziwa kuti wagonja ndi uti. Panalinso anyamata ocheperako amene ankakankha zimphonazo pachifuwa mmodzimmodzi, akamaliza n'kuwerama.

"Alamu, kodi anthuwa akwiyirana?" anafunsa monong'ona.

"Ingoyang'anani, alamu," anayankha mlamu wakeyo.

Kenako anamuveka lamba wansalu yokhuthala, wokulunga ngati thewera. Anachita manyazi, koma analowa m'bwalo. Kutsogolo kwake kunaima chimphona chachikulu kuposa zonse. Sichinakunge nkhonya, sichinawerame kuti chimenyane naye. Chinangotambasula manja, n'kudzimenya pachifuwa kamodzi, kumuitana.

Dafuleni anathamanga n'kugunda chifuwacho ndi mphamvu zake zonse. Chimphonacho chinayamba kubwerera m'mbuyo, mapazi akukhwekhwereza m'dothi, mpaka chinatuluka m'bwalo.

Apa ndiye Dafuleni anaiwala kuti kwa eni kulibe mkuwe. Analumpha, anakuwa, anadziguguda pachifuwa, n'kuuza mlamu wake kuti ajambule msanga, anthu a ku Balaka akaone.

M'nyumbamo munangoti zii. Palibe anawomba m'manja, palibenso anaoneka wokwiya. Mlamu wake anangozolika. Dafuleni anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti walakwa chiyani.

Mkulu uja anagwedeza mutu, chimphona chija n'kubwerera pakati pa bwalo. Chinatambasulanso manja. Dafuleni anathamanga ngati poyamba, koma ulendo uno kunali ngati kukankha mlambe. Anakankha mpaka thukuta linamulowa m'maso. Anakankhabe mpaka anagwa chafufumimba, munthu uja asanasunthe phazi ndi limodzi lomwe. Chimphonacho chinamudzutsa bwinobwino, n'kumusasa dothi pamapewa.

Ali kunja, Dafuleni anafunsa ali wefuwefu. "Alamu, ine mutu wanga sukugwira. Munthu yemweyu ndinamutulutsa. Wadya chiyani pakatipa?"

"Simunamutulutse, alamu. Anakubwerekani chifuwa. Kuno wamkulu amaima kuti wamng'ono akankhe, ndipo amabwerera m'mbuyo dala, pang'onopang'ono, kuti miyendo ya mwanayo iphunzire njira. Akamaliza, wamng'ono amawerama n'kuthokoza."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Anyamata onse aja anachita zomwezo inu mukuona. Inu maso anali pamchere."

Mkulu uja anatuma mawu akuti mlendoyo abwere ndithu mawa, malo ake alipo kukhoma. Mwezi wonse Dafuleni anakhala pamenepo, atapinda miyendo, akuona anzake akubwerekana zifuwa. Lamba uja sanamuvalenso. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa anyamata ake kumudzi ankadikira mphunzitsi wa sumo, koma anangolandira munthu woti anakaonerera.

Tsono inu achinyamata amene mukutsanzikana ndi sukulu lero, mwakula ndithu, ndipo mwayamba kukankha. Mumatsutsana ndi bambo anu, iwo n'kukhala chete, inu n'kumati mwawagonjetsa. Mumaposa amayi anu nzeru za pafoni, iwo n'kuseka, inu n'kumati akutha. Musanakuwe, yang'anani pansi. Mukaona mizere iwiri m'dothi, dziwani kuti ndi mapazi a munthu amene anabwerera m'mbuyo dala kuti inu mupite patsogolo. Pitani mukamuthokoze akadali chiimire, pakuti kunjaku mukakumana ndi zifuwa zambiri, ndipo palibe chimene chidzakusunthireni.